Msewu umene unatsala mu penti

Ntchito yanga kuno ku Joni ndi yopanga mafelemu. Kucheka matabwa, kudula magalasi, kukhoma timisomali, tsiku n'kutha. Zimene anthu amabwera nazo n'zodziwikiratu: masatifiketi a ana, zithunzi za ukwati, majezi a mpira osainidwa. Zojambula pamanja za penti wa mafuta zimafika mwa apo ndi apo. Koma pali chimodzi chimene chinagona pa tebulo langa kanthawi kochepa chabe, ndipo mpaka lero sichinandichoke m'mutu. Ndi chimene chinandiyambitsa kuika tindalama tanga pa zithunzi za misewu.

## Agogo ndi bulangete lawo

Anafika Loweruka m'mawa, agogo aakazi oyendera ndodo, mdzukulu wawo atanyamula chinthu chokulunga m'bulangete. Atamasula ndinaona chithunzi chaching'ono, mwina masentimita 40 m'litali, chojambulidwa pa bolodi osati pa chinsalu. Felemu lake linali litafumbwa, kungoligwira ufa wa thabwa uli mbwee pa tebulo. Vanishi wa pamwamba anali atada ngati tiyi wopanda mkaka.

Panali msewu wadothi wotsetsereka, nyumba za njerwa uku ndi uku, malata adzimbiri, mayi atasenza mtolo wa zochapa, bambo akukankha njinga. Dzina la wojambula panalibe, kutsogolo ngakhale kumbuyo.

Ndinatenga tepi kuti ndiyeze. Agogo anandigwira dzanja.

"Dikira kaye mwana wanga. Ukudziwa kuti uku n'kuti?"

"Ayi agogo, ine kwathu ndi ku Malawi."

"Anthu akwanu tinali nawo, atelala ndi ophika m'nyumba za azungu. Uwu ndi Bertha Street, ku Sophiatown."

Chala chawo chinayamba kuyenda pamwamba pa penti, osamukhudza. Apa panali golosale ya Mchaina imene ankagulako parafini. Apa mpopi umene ana ankaimapo mzere ndi zidebe. Nyumba ya chitseko chobiriwirayi munkakhala aphunzitsi aukali. Ankatchula anthu mayina mmodzimmodzi, mdzukulu uja akungogwedeza mutu, zikuoneka kuti nkhaniyi anaimva kambirimbiri.

Ndinafunsa kuti nanga nyumba yawo ndi iti.

"Yathu palibepo. Wojambulayo anaima pakhonde pathu, nyumba inali kumbuyo kwake." Anatsitsa chala mpaka m'munsi mwa bolodi, pomwe panali chigamba chakuda cha nsonga chodutsa theka la msewu. "Koma uwu ndi mthunzi wa denga lathu. Ukafika pamwala uwu, amayi ankateleka madzi, chifukwa ankadziwa kuti bambo atsala pang'ono kutsika basi."

Ndinawerama kuti ndione bwino. Chigambacho chinali mikwasa itatu kapena inayi ya burashi, buluu wosakaniza ndi penti wofiira, wopakidwa mopyapyala moti mtundu wa bolodi unkaonekera pansi pake. Basi. Koma m'mikwasa imeneyo munali nyumba yonse imene wojambula sanaijambule, munali ola la tsiku, munali bambo amene anamwalira kalekale akutsika basi. Tepi ija ndinaiika pansi.

## Chimene chinauonekera msewuwo

Amene takhalitsa kuno dzina la Sophiatown timalimva, koma ambiri timangodutsako pa taxi. Malowo anagulidwa ndi Hermann Tobiansky mu 1897, n'kuwatcha dzina la mkazi wake Sophia, ndipo misewu ina anaipatsa mayina a ana ake: Edith, Gerty, Bertha, Toby. Anali amodzi mwa malo ochepa kwambiri mu Johannesburg kumene munthu wakuda ankatha kugula puloti n'kukhala ndi mapepala ake. Chimenechi ndiye boma la tsankho silinachifune.

Pa 9 February 1955 kunafika apolisi 2,000 m'mbandakucha ndi malole. Mabanja oyamba anawakweza kupita ku Meadowlands, ku Soweto. Ntchito yosamutsa ndi kugwetsa inatenga zaka zingapo, anthu pafupifupi 60,000 anachotsedwa. Pabwinjapo anamangapo nyumba za azungu n'kupatcha Triomf. Dzina lakale linabwezeretsedwa mu 2006. Zomangidwa zimene zinapulumuka n'zowerengeka pa zala: tchalitchi cha Christ the King kumene ankatumikira bambo Trevor Huddleston, nyumba ya Dr A.B. Xuma, mtsogoleri wakale wa chipani cha ANC, pa Toby Street, ndi zina zochepa.

Agogo aja anali kamtsikana pamene ankakwera lole. Anati mayi awo anakulunga chithunzicho m'zovala n'kuchifungatira ulendo wonse, mipando ndi mapoto zikugundana kumbuyo.

## Nyumba zachikasu

Bwana wanga, mzungu wachikulire amene wagwira ntchito ya mafelemu moyo wake wonse, atachiyang'ana anati si dzanja la munthu wodziwika, koma ndi la munthu amene ankadziwa kuona. Kenako anandiuza kuti ngati nkhaniyi yandikhudza ndipite ku nyumba ya zojambula ya Johannesburg Art Gallery ku Joubert Park ndikaone ntchito ya Gerard Sekoto.

Sekoto anabadwa mu 1913 ku Botshabelo, pa mishoni ya pafupi ndi Middelburg. Anali mphunzitsi, koma mu 1938 anasiya choko n'kubwera ku Sophiatown kuti azingojambula. Penti wa mafuta anamuphunzirira konkuno, kwa wojambula wina dzina lake Judith Gluckman. Mu 1940 Johannesburg Art Gallery inagula chithunzi chake chotchedwa Yellow Houses: A Street in Sophiatown, ndipo chinakhala choyamba cha wojambula wakuda kulowa m'nyumba yotere m'dziko muno.

Nditaima patsogolo pake, chimene chinandigwira ndi chikasu cha makomawo. Khoma lenileni la m'komboni silikhala lachikasu choncho. Limakhala lotuwa, lothimbirira m'munsi ndi matope a mvula. Sekoto sanajambule mtundu wa khoma, anajambula dzuwa la Joni likamenya khoma, dzuwa louma lija la kumtunda kuno limene limakuthobwa m'maso ngakhale kukuzizira. Ndipo kuti chikasucho chiwale chomwecho anachiika pafupi ndi mithunzi yozizira. Mutatseka mithunziyo ndi dzanja, chikasu chimazima. Anthu m'chithunzimo ndi aang'ono, aliyense ali pa zake, palibe amene akukuyang'ana. Msewu ndiwo mwini nkhani.

Chimene chimandiwawa pa munthu ameneyu n'choti malo onse atatu amene anawajambula ndi mtima wake wonse anagwetsedwa. Sophiatown. District Six ku Cape Town, kumene anasamukira mu 1942. Eastwood ku Pretoria, kumene anakhala kuyambira 1945. Mu 1947 anakwera sitima ya pamadzi kupita ku Paris ndipo sanabwerenso. Kumeneko ankaimba piyano m'malo achisangalalo kuti apeze chakudya. Anamwalira mu 1993 ku Nogent-sur-Marne, m'nyumba yosungiramo akatswiri a luso okalamba. Pamene ankajambula misewu ija sankadziwa kuti akusunga umboni. Ankangojambula pomwe ankakhala.

## Chifukwa chiyani mafuta?

Anzanga amandifunsa kuti, foni ilipo, imajambula msewu wonse mpaka nambala ya galimoto, ndiye penti ngwachiyani? Kamera imatenga zonse mofanana, siisankha. Wojambula pamanja amaima pamalo amodzi nthawi yaitali n'kusankha chimene chitsale. Amene anajambula Bertha Street uja akanatha kuusiya mthunzi wa denga, msewu n'kuoneka woyera bwino. Anauika dala.

Ndipo penti wa mafuta amalola kusankha kotereku kuposa penti wina aliyense. Iye sauma ngati penti wa madzi amene madzi ake amangouluka. Mafuta ake, nthawi zambiri a mbewu ya linseed, amalimba pang'onopang'ono akamakumana ndi mpweya. Pamwamba pamauma pakapita masiku, koma mkati mumatenga miyezi, n'chifukwa chake vanishi amadikira miyezi 6 kapena chaka chathunthu. Kuchedwaku ndiko chuma chake. Wojambula akhoza kubweranso mawa, n'kusakaniza mtambo ndi utsi pa bolodi pomwepo penti akadali wofewa. Akhoza kupala ndi kampeni n'kuyambiranso. Akhoza kupaka mopyapyala kwambiri, mtundu wina pamwamba pa unzake, kuwala kumalowa n'kubwerera kuchokera pansi. Mzinda umafuna zimenezi, chifukwa mzinda ndi fumbi, utsi, chinyezi cha pa phula, magalasi a mawindo, dzimbiri. Zonsezi sizikhala ndi malire akuthwa.

Mukapeza mpata wogwira chithunzi cha mafuta, chitengereni pawindo n'kuchipendeketsa kuti kuwala kubwere cham'mbali. Mudzaona kuti si chosalala. Pachithunzi cha agogo chija, pomwe dzuwa linamenya malata penti anali wochindikala, atatumphuka, tsitsi la burashi litasiya timizere take. M'mithunzi anali wopyapyala. Mtolo wa zochapa pamutu pa mayi uja unali kadontho kamodzi koyera koikidwa ndi nsonga ya kampeni. Ukayandikira ndi phala la penti chabe. Ukabwerera m'mbuyo masitepe atatu ndi nsalu zochapidwa bwino, ndipo umachita kumva kulemera kwake pakhosi pa mayiyo.

China chimene ndimayang'ana tsopano ndi choti wojambula anaima pati. Zithunzi zambiri za mizinda zimajambulidwa kuchokera pamwamba, pa phiri kapena pa nsanjika, mzinda wonse uli poyera ndi nyali zake. Zimakongola, sindikana. Koma ine zimene zimandikoka ndi zojambulidwa munthu ataima pansi, pakhonde, pomwe phazi lako likhoza kuponda n'kulowa mumsewumo.

## Nkhani ya ndalama

Apa ndiye mtima wanga umagawanika.

Osonkhanitsa zojambula amazifuna kwambiri ntchito za Sekoto za asanapite ku Paris. Mu 2011 chithunzi chake china cha nyumba zachikasu, cha ku District Six, chinagulidwa pa okushoni ya Bonhams ku London pa mtengo woposa mapaundi 600,000. Zifukwa zake n'zomveka. Zaka zimenezo zinali zochepa, 1938 mpaka 1947, ndiye zithunzi zake si zambiri. Dzanja lake linali pachimake. Ndipo misewuyo monga inalili kale kulibenso. Chachitatuchi ndi chimene chimandisowetsa mtendere, chifukwa zikutanthauza kuti malole aja ndi amene anawonjezera mtengo. Ana a anthu amene anatayidwa ku Meadowlands sangathe kugula chithunzi cha msewu wa makolo awo. Chimakapachikidwa m'nyumba ya mpanda wamagetsi, kapena kutsekeredwa m'chipinda chosungiramo chuma.

Komabe sindingawanyoze osonkhanitsa. Ndaona ndi maso anga zimene zimachitikira chithunzi chimene palibe akuchisamala: chopachikidwa kukhitchini mpaka kuda ndi utsi wa mafuta ophikira, chosiyidwa m'galaja mvula ikudontha, chopukutidwa ndi nsanza yonyowa ndi sopo mpaka penti kusupuka. Munthu amene walipira ndalama zambiri amachisunga pamthunzi, pouma, amaitana katswiri chikayamba kung'aluka. Zambiri zimene timaziona m'nyumba za zojambula lero zinapulumuka chifukwa wina anazikonda mpaka kutulutsa chikwama.

Bwana wanga anawauza agogo mosabisa kuti popanda dzina ndi mapepala, chithunzi chawo pamsika sichingapite patali. Agogo anaseka. Anati sanabwere kudzagulitsa, ndipo ana awo ayamba kale kukanganirana kuti chidzakhala kwa ndani. Tinawapangira felemu losavuta la thabwa lakuda. Vanishi sitinamukhudze, imeneyo si ntchito ya wopanga mafelemu, tinangowapatsa malangizo a kumene angapeze okonza zithunzi zakale.

Kwa amene mukufuna kuyamba kugula, chimene ntchito yandiphunzitsa ndi kutembenuza chithunzi musanafunse mtengo. Kumbuyo n'kumene kumakhala mbiri: timapepala ta malo amene chinaonetsedwa, chidindo cha sitolo imene inagulitsa chinsalu, zolemba za pensulo, misomali yadzimbiri kapena mawaya atsopano a stapler. Chinsalu choyera mbee kumbuyo kwa chithunzi chimene akuti n'cha 1945 chikufunseni mafunso. Tengani galasi lokulitsa zinthu. Mukaona timadontho tating'ono tandondomeko, chimenecho n'chosindikiza pa makina, ena amangopakapo mankhwala oonekera kuti chizioneka ngati chadutsa burashi. Ndipo misewu ya ku Paris ija ya maambulera ndi nyali zonyezimira pa phula lonyowa, imene yadzaza m'masitolo a mipando, yambiri imachokera m'malo ngati Dafen ku Shenzhen, kumene ojambula amapanga chithunzi chimodzimodzi kambirimbiri. Ndi penti wa mafuta weniweni, dzanja ndi lenileni, koma wojambulayo sanaimepo pa msewu umenewo. Palibe gogo amene adzalozepo mthunzi wa nyumba yake.

## Nanga Limbe adzajambula ndani?

Nditapita kumudzi pa tchuthi ndinayenda m'malo ogulitsira zojambula, m'mphepete mwa msewu mu Blantyre ndi pafupi ndi positi ofesi ku Old Town ku Lilongwe. Luso lilipo, lambiri. Koma nkhani yake ndi imodzi: nyanja dzuwa likulowa, bwato, mlambe, njovu, amayi atasenza mitsuko. Sindikuwada anyamatawo. Amajambula chimene mlendo wochokera kunja angagule n'kulowetsa m'sutikesi, ndipo nawonso ana awo amafuna fizi.

Koma ambiri a ife tinakulira m'tauni, kapena theka la moyo wathu lathera kumeneko. Ndirande. Bangwe. Kawale. Makonde a mashopu a amwenye ku Limbe. Depoti ya Wenela m'mawa, mabasi a ku Joni akupakira, amayi akulira mwakachetechete. Mandala House ya 1882 ndi tchalitchi cha St Michael and All Angels zidzasungidwa, zili ndi ozisamala. Koma mzere wa maokala, mpopi wa pa kiyosiki, kanjira ka pakati pa nyumba kamene ana amathamangamo, izi zimasowa popanda wolengeza. Kwathu sikubwera malole a apolisi ngati a 1955. Kumabwera msewu watsopano, moto wa pamsika, mwini puloti watsopano. Amene ankaidziwa raundabauti ya Area 18 ku Lilongwe akudziwa kuti lero pali misewu yodutsana pamwamba ndi pansi, ndipo mitengo ikuluikulu ya m'mbali mwa msewu wa Kenyatta inadulidwa pokulitsa msewu. Chitukuko tikuchifuna. Ine funso langa ndi loti, zisanasinthe, alipo amene anaima ndi bolodi n'kuziyang'ana ola lathunthu?

Ndinapeza mnyamata wina ku Blantyre, wa dzanja labwino kwambiri, amene ankajambula mabwato ndi penti wa acrylic chifukwa machubu a mafuta ndi odula komanso osowa. Tinagwirizana kuti ine ndizimutumizira machubu ndi maburashi pa basi kuchokera kuno, iye azindijambulira misewu, ndipo ndizimulipira mtengo umene mlendo akanalipira, osati wa pachibale. Woyamba ndinamupempha msewu umene ndinakulira ku Ndirande, ataima pakhomo pa nyumba imene tinkachita lendi, cha m'ma 4 koloko madzulo, phiri likuoneka kumapeto.

Atanditumizira pa WhatsApp zoyambirira za pensulo, ndinaona kuti mawaya a magetsi wawachotsa, kanyumba ka Airtel Money kulibe, ngalande ili yoyera.

"Achimwene, zimenezo zikuipitsa chithunzi," anatero.

Ndinamuuza kuti azibwezeretse zonse. Mawaya aja ndi amene ankatikolera makaiti. Kanyumba kofiirako n'kumene mayi anga amakatengera ndalama zimene ndimatumiza, ndipo pakadzatha zaka 30 mwina kadzakhala chinthu chokhacho chouza munthu kuti chithunzichi n'cha nthawi iti. Tinakangana ndithu. Iye ali ndi diso lake, ndipo pa zina anandigonjetsa: anati phiri alisendeza pang'ono kumanzere kuti msewu upume, ndipo majumbo a m'ngalande sajambula limodzilimodzi, angoika timadontho ta buluu. Pa mawaya ndi kanyumba anavomera.

Chithunzicho chatha koma chikadali kwa iye, chapachikidwa m'chipinda chopanda fumbi kuti chiume bwino chisanakwere basi. Ndamuuza alembe kumbuyo dzina lake lonse, dzina la malo, chaka ndi ola. Panopa wayamba cha ku Limbe, pomwe maminibasi a ku Bangwe amaimikira, ndipo akuti vuto lake ndi oitanira, amene sakumupatsa mpata chifukwa aliyense akufuna aonekemo.